Kuperekeza Rozina ku Halale

Ulendo wanga woyamba kutuluka m'dziko muno ndinauyenda m'zaka za Chitaganya. Anzanga ankapita ku Halale kukafuna ntchito. Ine ndinapita kukasiya mwana.

Mwanayo anali Rozina, wa mlongo wanga Agata. Agata anamwalira Rozina ali wamng'ono, bambo wake atalowera kale ku Joni osamvekanso. Ife ndife Alomwe, makolo athu anachokera kwa Apwitikizi, ndipo kwathu mwana wa mlongo wako ndi wako kuposa amene unabala wekha. Maliro atatha ndinamunyamula kupita naye kunyumba kwanga ku Nancholi. Nthawi imeneyo n'kuti ndili kalaliki m'sitolo ina ya zitsulo m'tauni ya Blantyre.

Rozina anafika zaka zisanu ndi ziwiri asanatulutse liwu. Kumva ankamva, mwinanso kuposa ife. Galimoto ikalira pafupi, kapena belu la kutchalitchi, ankagwira makutu, kukuwa, n'kumamenyetsa mutu pakhoma. Kuchipatala anati anabadwa choncho, mankhwala palibe. Anthu a ku Nancholi anali ndi mayina awo omutchulira, amene sindiwalemba pano. Ine ndinapeza njira imodzi mwangozi. Ndikavula chipewa changa chabulawuni, cha mtundu umene tinkavala akalaliki, n'kumuveka mpaka kuphimba makutu ndi maso, kenako n'kumupatsa chala changa chaching'ono kuti agwire, ankatonthola. Mkazi wanga anayesa ndi duku lake, zinakana. Bambo mfumu a kuparishi anayesa ndi chipewa chawo choyera, zinakana. Zinkatheka ndi ine ndekha, ndipo ndinkanyadira.

Amene anafuna kumutenga anali banja la a Muhiwa. A Muhiwa anali a kwathu konkuno, koma anapita ku Halale ali mnyamata, n'kukhala telala, n'kukwatira mkazi wa Chishona amene anali namwino. Mwana analibe. Atabwera kudzaona abale, mayiwo anaona Rozina kunja kwa tchalitchi ali m'chipewa. Anati kumene amagwira ntchito kuli masisitere amene amaphunzitsa ana otere kudya okha ndi kuvala okha, ena mpaka kulankhula. Anapempha kuti amutenge akhale mwana wawo, wa dzina lawo. Nkhaniyo inayenda nthawi yaitali, kwa bambo mfumu, kuboma, ndi pakati pa abale. Akuluakulu a mbumba anavomera, koma anaika lamulo limodzi: ine, mwini mbumba, ndiperekeze mwana mpaka pakhomo, ndikaone ndi maso anga. Mwana akakawakana mayiwo, ndibwerere naye. Mawu omaliza anali anga.

Mkazi wanga, mayi a Filipo, ndiye anali woyamba kuvomera, komanso woyamba kudandaula. M'mawa wa ulendo, akupinda madiresi awiri a Rozina, anati:

"Ana anu olankhula atsale muno azitola nkhuni, wosalankhula akadye buledi ku Halale. Filipo naye akadangotseka pakamwa."

"Si inu munati mwatopa kumusambitsa?"

"Ndinatopa, inde. Ndiye kutopa kwanga kugule tikiti ya basi?"

Nsanje yanga ine inali pena. Inali pa mayi amene ankatidikira pa depoti ku Limbe.

Mayi Muhiwa anabwera okha, amuna awo atalephera kusiya shopu. Anali wamtali, wa wotchi pamkono ndi nsapato zoyera. Chinyanja anachiphunzira kwa amuna awo, ndipo ankachilankhula lilime litapindika pang'ono. Ine ankanditcha sekuru, mmene kwawo amatchulira malume. Atagwada kuti apereke moni kwa Rozina, mwanayo anatembenuka n'kubisa nkhope m'buluku langa. Ndinapepesa ndi pakamwa. Mumtima ndinati, chayamba bwino.

Basiyo inali ya mipando ya matabwa, padenga atamangapo njinga, mabokosi a malata ndi mitolo ya matemba. Tikiti yake inandidyera gawo lalikulu la malipiro a mwezi, ndipo kondakitala anati mwana wa msinkhu umenewo alipire theka ngakhale akhala pamiyendo. Tinakhala atatu pampando wa awiri: Rozina pamiyendo panga cha kuwindo, mayi Muhiwa cha kunjira. Kumbuyo kwathu kunali a Bwanali, khukhi wa azungu ku Halale amene ankabwerera kuchokera kutchuthi, munthu woti pakamwa pake sipankapuma. Injini italira ndinamuveka Rozina chipewa. Tisanafike n'ku Chileka komwe, a Bwanali anandigogoda paphewa.

"Achimwene, mwana ameneyu ndi wa ndani? Nonse awiri mukumuyang'ana ngati nthuli yotsala m'mbale."

"Ndi wa mlongo wanga."

"Nanga mayiwa?"

"Ndi anzathu apaulendo," ndinatero. Mayi Muhiwa anayang'ana wotchi yawo.

Potsika kulowera ku Mpatamanga tayala linaphulika. Tinatsika tonse n'kukhala pamiyala, Shire akulindima m'munsi. Jeki inali yaifupi, moti anachita kufuna mwala wosalala woti aikepo, ndipo mwala woyamba unasweka. Mayi Muhiwa anatsegula chikwama n'kutulutsa mabisiketi a m'pepala lowala, amene ana anga anali asanawalawepo. Anamupatsa Rozina imodzi. Rozina anainunkhiza n'kuiponya m'tchire. Ine ndinatulutsa mbatata yootcha m'thumba la jekete, ndinasenda, iye anadya.

"Amakonda mbatata, sekuru?"

"Nthawi zina."

"Nanga phala? Amadya lotentha kapena lozizira?"

"Zimatengera."

Mayankho anga ulendo wonsewo anali otero. Ndine munthu wa mawu ochepa, koma masiku amenewo ndinachepetsanso.

Boma linkatiuza kuti Nyasaland ndi Rhodesia tsopano ndi dziko limodzi. Pamsewu zimenezo sizinkaoneka. Ku Mwanza anatitsitsa kuona mapasi, ndipo titangodutsa zitunda pang'ono tinatsikanso ku Zobuwe, pachipata cha Apwitikizi. Kumeneko amuna tinkaima mzere wathu, akazi wawo. Mwambo wake unali wakuti mwamuna aliyense akafika pakhonde la ofesi avule chipewa. A Bwanali anatichenjeza tikadali m'basi. Koma panja panali malole atatu osazimitsa injini, ndipo chipewa changa chinali pamutu pa Rozina, iye atagwira chala changa. Titafika pakhonde, msilikali wachikuda analoza chipewacho ndi ndodo. Ndinayamba kufotokoza m'Chingelezi changa cha kusekondale. Iye Chingelezi sankachimva. Analozanso. Ndisanapeze mawu ena, ndinaona nsapato zoyera pambali panga. Mayi Muhiwa anali atachoka pamzere wa akazi.

"Ndi mwana wanga uyu," anatero. "Akudwala makutu. Musiyeni."

Msilikaliyo anawayang'ana, anayang'ana mwana, n'kutsitsa ndodo. Tinadutsa. Anthu anati mayiwa ndi olimba mtima. Ine zimenezo sindinaziganize. Ndinangomva mawu awiri: mwana wanga. Ndinamulera Rozina kuyambira akukwawa, ndinagona naye m'chipatala atadwala chikuku, ndipo mawu amenewo ndinali ndisanawanenepo pagulu. Ndinkati wa mlongo wanga. Mayi amene anamuona kawiri kokha anawanena osaphethira. Ndinayenda nawo mawuwo mpaka ku Moatize, fumbi la malasha likulowa pawindo.

Pamtsinje wa Zambezi panalibe mlatho masiku amenewo. Magalimoto ankawoloka pa pantoni, chibwato chafulati chokankhidwa ndi boti la injini. Tinapeza mzere wa malole, ndipo anthu anati injini ya botilo yafa, makaniko wawolokera tsidya lina kukafuna chitsulo. Tinagona pomwepo. Kutacha makaniko anali asanabwere. Kutentha kwa ku Tete sindinakuonenso kwina. Mthunzi unali wa mlambe umodzi wopanda masamba, ndipo mbuzi zinali zitaulanda kale. Akazi akumeneko ankagulitsa masawu ndi nsomba zokazinga, akulankhula Chinyungwe, chimene tinkamva theka n'kuyankha theka. A Bwanali anatsegula mtolo wawo wa matemba kuti aone ngati sanaonongeke, ndipo ntchentche za m'boma lonse la Tete zinabwera kudzawathandiza kuona.

Dzuwa lili pamutu, Rozina anadziipitsira. Madzi achilendo anamutsegula m'mimba. Akazi ankasamba kumunsi, kuseri kwa bango, kumene mwamuna safika. Ndinaima ndi mwana pamalire, osadziwa chochita. Mayi Muhiwa anabwera ndi sopo ndi diresi lina.

"Ndipatseni, sekuru."

"Akukanani."

"Akane. Asakhale chonchi pamaso pa anthu."

Anamunyamula. Rozina anakuwa kuyambira pomwepo mpaka kuseri kwa bango, ndipo sanaleke. Ndinaima ndikumvetsera. Kulira kumeneko kunkandipweteka, koma ndinkaopa kuti kungaleke. Sikunaleke. Atabwerera, mwana anadzigwetsa kuchoka m'manja mwawo n'kuthamangira kwa ine. Bulauzi ya mayiwo inali itang'ambika paphewa, ndipo pamkono panali zipsera za mano, magazi akutuluka pang'ono.

"Pepani kwambiri," ndinatero.

"Mano ake ndi abwino onse," anatero, akutsuka balalo. "Ndawaona." Kenako anandiyang'ana. "Sekuru, akadzatha msinkhu, adzamusambitsa ndani?"

Funso limenelo ndinkalidziwa. Linkandidikira pakhomo la bafa ku Nancholi, pamene mkazi wanga ankasambitsa mwanayo mokokakoka, ine ndili panja ndikumva. Koma sindinafune kulimva kuchokera kwa iwo. Ndinati, "Mulungu akudziwa," ndipo ndinapita kukaona ngati makaniko wabwera.

Madzulo ake makaniko anabwera, tinawoloka. Injini ya boti inkalira ngati chigayo, matabwa akunjenjemera kumapazi. Rozina anali m'chipewa, atagwira chala changa, ali phee. Mayi Muhiwa anaima patali pang'ono, mkono atamanga ndi mpango. Pakati pa mtsinje ndinayamba kuwerengera za pobwerera: ndidzakhala naye cha kuwindo, ndidzagula mbatata ku Mwanza, ndidzauza akuluakulu kuti ndinaona ndi maso anga. Bala la pamkono linali umboni wanga.

Tsiku lotsatira, titadutsa Changara, tinafika pamtsinje wouma wopanda mlatho. Msewu unkatsikira mumchenga n'kukwera tsidya lina. Dalaivala anathamangitsa basi kuti adutse ndi liwiro, koma pakati penipeni matayala a kumbuyo anamira. Anazimitsa injini. Kondakitala anati amuna onse atsike akakankhe, akazi ndi ana atsale chifukwa mchenga ukuotcha. Rozina anali m'tulo. Ndinamugoneka pampando bwinobwino, ndipo poona dzuwa limene linali panja ndinatenga chipewa n'kuvala.

Tinakumba mchenga ndi manja, tinadula nthambi n'kuyala pansi pa matayala. A Bwanali anavula jekete, n'kuipinda, n'kuyamba kulamulira anzawo. Zonse zitakonzeka tinaika mapewa kumbuyo kwa basi, dalaivala n'kuliza injini mwamphamvu zake zonse. Pamwamba pa phokoso lonselo ndinamva Rozina. Ndinamvanso kugunda, mutu pa galasi. Ndinafuna kusiya, koma ndinali pakati, munthu kumanja, munthu kumanzere, basi itayamba kusuntha.

"Musasiye, achimwene, itibwerera," anatero a Bwanali.

Tinakankha. Nthambi zinathyoka, mchenga unatilowa m'kamwa, basi inakwera mtunda n'kukaima patali. Ndinathamanga, chipewa chili kale m'manja. Ndikuyandikira ndinazindikira kuti sindikumva kulira.

Mayi Muhiwa anali atatsika. Anaima mumthunzi wa basi, nsapato zoyera zili mufumbi. Anali atabwereka nsalu kwa mayi wina, ndipo Rozina anali kumsana kwawo, atamubereka ngati khanda, nsalu itamangidwa zolimba pachifuwa. Miyendo ya mwanayo inkalendewera mpaka m'mawondo mwawo. Khutu limodzi linali litatsamira pamsana, linalo mayiwo ataliphimba ndi dzanja chakumbuyo. Ankadzigwedeza pang'onopang'ono, akung'ung'udza kanyimbo ka kwawo. Injini inali ikulirabe. Rozina ankangosisima, maso ali otseka.

Akazi a m'basi ankaseka pawindo. Wina anati, "Mayi, chimwana chonsecho? Muthyoka msana." Kwathu mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri saberekedwa, iyeyo ndiye amabereka ang'ono ake. Mkazi wanga analeka kumubereka Rozina atabadwa mwana wathu wotsiriza. Ine, mwamuna wa jekete ndi tayi, sindikanatha kuyenda ndi mwana kumsana pa Nancholi. Choncho kwa zaka zonsezo palibe amene anaganizapo.

Ndinaima patsogolo pawo ndi chipewa changa.

"Wapweteka pachipumi, koma pang'ono," anatero mayi Muhiwa. "Mukufuna mumuveke?"

Ndinayang'ana mwanayo. Panalibe chomuvekera. Ndinabweza chipewa pamutu panga.

Kuchokera pamenepo Rozina anakhala pamiyendo pawo. Sikuti anandikana. Ndikamupatsa mbatata ankadya. Koma basi ikagunda dzenje ankatsamira kwa iwo. Ndinayang'ana panja: milambe, miyala, chipata cha Nyamapanda, mapasi kachitatu. Cha ku Mtoko a Bwanali anandigogodanso paphewa.

"Achimwene, poti miyendo yanu ili yokha, ndigwirireniko matembawa. Kuno andithina."

Ndinalowa mu Halale nditanyamula mtolo wa matemba a munthu wina.

Za mzindawo ndilibe zambiri. Unali waukulu, wa magetsi, ndipo sunandikhudze. Nyumba ya a Muhiwa inali kulokeshoni, ya zipinda ziwiri, mpopi uli panja. Ndinaiyendera ngati munthu wofuna kugula, ndikufunafuna cholakwika. Ndinapeza kabedi katsopano, ndi madiresi atatu amene a Muhiwa anasoka okha mongoganizira msinkhu. Onse anali aafupi. Cholakwika chinali chimenecho basi, ndipo a Muhiwa anakhala pamakina madzulo omwewo n'kuwatsitsa. Anandiperekezanso kwa masisitere aja. Ndinaona kamtsikana kofanana ndi Rozina kakudya ndi supuni kokha, phala likutayikira pachifuwa, sisitere ali pambali osakathandiza. Ndinaganiza za Filipo ndi azing'ono ake, ophunzira pansi pa mtengo, ndipo mawu a mkazi wanga ndinawamvetsa.

M'mawa wa tsiku lobwerera tinakhala pakhonde titamwa tiyi. A Muhiwa anaika kapu pansi.

"Achimwene, nyumba mwaiona. Ife sitikakamiza. Mawu ndi anu."

Mayi Muhiwa anali atakhala pamkeka, Rozina ali pafupi nawo akusewera ndi zidutswa za nsalu. Bala la pamkono linali lisanapole. Ndikanati mwana wakana, palibe akanatsutsa, kuno kapena kwathu. Koma ndinafuna kuti anene ndi mwanayo. Ndinaimirira, ndinavala chipewa, ndinanyamula chikwama.

"Rozina, tiye."

Ndinatambasula chala. Anadzutsa mutu, anasiya nsalu zija, anaimirira n'kubwera. Ndinaona a Muhiwa akuyang'ana pansi.

Chala sanachigwire. Anakweza manja onse awiri m'mwamba, monga ankachitira galimoto ikamabwera. Ndinawerama. Anavula chipewa pamutu panga, anachivala mpaka pamphuno, n'kutembenuka. Anayenda mopapasa mpaka anagunda mawondo a mayi Muhiwa, anakhala pansi, anafufuza dzanja lawo, n'kugwira chala chaching'ono.

Pamenepo ndinakumbukira duku la mkazi wanga ndi chipewa choyera cha bambo mfumu. Onse anayesa ndi zawo. Ndi chipewa changachi panalibe anayesapo, chifukwa sichinkachoka pamutu panga.

"Atsale," ndinatero.

Ndinaika chikwama pansi n'kukhalanso. Ndinawauza mayi Muhiwa kuti phala amadya lozizira, lopanda shuga. Kuti zikhadabo muzimuwenga ali m'tulo. Kuti akayamba kukanda kuseri kwa khutu ndiye kuti akufuna kuchimbudzi. Kuti Lamlungu muzichoka naye belu lisanalire. Kuti mayi wake anali Agata, ndipo ankaimba bwino. Ndinalankhula nthawi yaitali kuposa ulendo wonse uja. Iwo sanandifunse chifukwa chimene sindinanenere kale. Anangomvetsera.

"Nanga chipewa, sekuru?"

"N'chakale."

A Muhiwa anati tidutse m'tauni andigulire china. Ndinakana. Sindinafune kuvala chipewa chogulidwa ndi munthu amene watsala ndi mwana wanga.

Pobwerera basi sinamire, pantoni inali bwino, ndipo ndinakhala cha kuwindo ndekha. Dzuwa la ku Tete linandiwotcha pamutu mpaka khungu kusupuka. Ku Zobuwe ndinaima pamzere wa amuna. Nditafika pakhonde ndinakweza dzanja kuti ndivule, ndipo ndinagwira tsitsi. Msilikali yemwe uja anandiyang'ana, n'kuyang'ana pambali panga, pamene panalibe munthu. Anandikodola kuti ndidutse.

Ku Nancholi ndinapeza mkazi wanga akuyanika zovala. Anayang'ana kumbuyo kwanga kaye, kenako pamutu panga.

"Mwasiya ndi chipewa chomwe? Nachonso chikadya buledi?"

"Eya," ndinatero. "Chimenecho ndiye anachisankha."